Mbiri ya banja imayambira ku mbumba ndi kumudzi, osati pa dzina la pa chitupa

Funso: Ndinabadwira ndi kukulira mu mzinda wa Lilongwe, ndipo ndili ndi ana atatu omwe sadziwa bwino kwawo. Ndikufuna kuwalembera kabuku ka mbiri ya banja lathu. Agogo obereka mayi anga akali moyo kumudzi ku Dedza, koma akalamba kwambiri. Kuchimuna ndimangodziwa kuti agogo aamuna anapita ku Joni pa nthawi ya Chitaganya, bambo anga ali khanda, ndipo sanabwerenso. Ndafufuza dzina la banja lathu pa intaneti koma sindinapeze kanthu. Ndiyambire pati, ndipo kodi kuyezetsa DNA kungandithandize?

Yankho: Mayi, musadabwe kuti intaneti sinakupatseni kanthu, ndipo musaganize kuti banja lanu lilibe mbiri yoti n'kuifufuza. Dzina limene lili pa chitupa chanu ndi pa masatifiketi a kusukulu, m'mabanja ambiri a Achewa ndi la dzulodzuloli. Linayamba pamene mphunzitsi wa sukulu ya mishoni, kalaliki wa msonkho kapena wolemba anthu ntchito anafunsa mnyamata kuti bambo ake ndani, n'kulemba dzina la bambowo pambali pa lake, ndipo ana ndi adzukulu anangopitiriza kulinyamula. N'chifukwa chake amuna awiri obadwa mimba imodzi amatha kusiyira ana awo mayina osiyana, wina dzina la bambo, wina mfunda. Komanso lamulo la atsamunda la 1904 lolembetsa kubadwa ndi kumwalira silinkakakamiza anthu akuda. Kulembetsa mwana aliyense wobadwa kunakhala kokakamiza mu 2015, ndipo zitupa za unzika zinafalikira mu 2017. Choncho makolo athu ambiri sanalowe m'kaundula wa boma wa mtundu umene ungapezeke pa intaneti. Kumene analowa ndi m'mitima ya mbumba zawo, ndipo kumeneko ndi kumene muyenera kuyambira.

Pitani kwa agogo anu msanga, musadikire tchuthi chachikulu kapena kuti mupeze kaye ndalama zogulira zipangizo. Mapepala akale a boma osungidwa ku Zomba ndi a ku mishoni adzakudikirani ngakhale zaka khumi, koma agogo sangakudikireni motero. Musanapite, dziwitsani atsibweni anu kapena aliyense amene ali mwini mbumba pakali pano, muwafotokozere momveka kuti cholinga chanu n'chakuti ana adziwe kwawo. Ndikunena izi motsindika chifukwa munthu wa m'tauni akangofika kumudzi ndi kope n'kuyamba kufunsa za makolo ndi minda, anthu amayamba kukayikira kuti mwina akufuna malo kapena ufumu, ndipo pakamwa pamatsekeka. Mukadzera kwa atsibweni, iwo eni adzakulozerani azigogo ena amene inu simukuwadziwa. Tengani kashuga, mchere, sopo kapena chitenje monga mmene mdzukulu amachitira, khalani pamphasa, thandizani kutong'ola chimanga kapena kusenda mtedza, ndipo nkhani zizibwera ntchito ili m'manja. Pemphani chilolezo choti mujambule mawu pa foni, ndipo musawatopetse. Kucheza kwa ola limodzi m'mawa, kobwerezedwa masiku angapo, kumapindula kuposa kuwakhazika tsiku lonse, pakuti okalamba ambiri amakumbukira usiku zimene anaiwala masana, ndipo mawa lake amayamba okha kukonza zimene ananena dzulo.

Funso lakuti "Agogo, tandiuzeni mbiri yathu" nthawi zambiri limabweretsa yankho lalifupi. Funsani zinthu zogwirika. Mayi awo anali ndani, anabereka ana angati, woyamba ndani, wopondana naye ndani, mpaka chitsiriza. Funsani mwaulemu za ana amene anamwalira ali aang'ono ndi amene anapita padera, chifukwa okalamba sawatchula pokhapokha atafunsidwa, komabe iwo ndi amene amafotokoza chifukwa chake pali zaka zambiri pakati pa ana awiri. Mukatha pamenepo kwerani kwa mayi a mayi awo, ndi abale awo aakazi, kufikira mutafika kwa mayi amene mbumba yonse imamutchula kuti ndiye tsinde. Mudzaona kuti mudzi wagawika m'mabere, bere lililonse lochokera kwa mayi mmodzi, pali bere lalikulu ndi laling'ono, ndipo kudziwa bere lanu kudzakuthandizani kumvetsa chifukwa chake banja lakutilakuti ndi limene limalowa ufumu kapena kusunga munda wakutiwakuti. Pa munthu aliyense lembani mayina ake onse: la paubwana, lomwe anapatsidwa atatha msinkhu, la ubatizo, la mfunda monga Nabanda, Naphiri kapena Nambewe, ndi lomuitanira potengera mwana wake. Munthu mmodzi akhoza kupezeka m'nkhani za anthu atatu ndi mayina atatu, ndipo amene sasamala pamenepa amalemba anthu atatu pamene panali mmodzi.

Samalaninso ndi mawu a chibale. Agogo akati "awa anali achemwali anga" kapena "amayi anga aang'ono", sikuti nthawi zonse akunena za obadwa kwa mayi mmodzi, popeza ana a akazi apachibale amaitanana kuti abale popanda kusiyanitsa. Funsani mwachindunji ngati anali a mimba imodzi, ndipo ngati bambo analinso mmodzi. Pa za mfunda, dziwani kuti pa chikhalidwe chakale cha Achewa mwana ankatenga mfunda wa mayi ake, koma m'madera amene Achewa anakhala moyandikana ndi Angoni ambiri anayamba kutenga wa bambo. Dedza ndi limodzi la madera amene miyambo iwiriyi inakumana, choncho funsani kuti mfundawo unachokera kuchikazi kapena kuchimuna. Kufanana mfunda pakokha si umboni wa chibale chapafupi, pakuti a Banda ndi a Phiri ndi ochuluka kwambiri m'Malawi, kum'mawa kwa Zambia ndi ku Tete.

Pambuyo pa mayina, funsani za malo. Mudzi umene ulipo lero kawirikawiri sunakhale pamenepo chikhalire. Funsani mabwinja, ndiko kuti kumene mudzi unali usanasamuke, mtsinje umene ankatunga madzi, phiri limene anathawira, ndi chimene chinawasamutsa, kaya nkhondo, njala, mkangano, maliro otsatizana kapena kuguga kwa nthaka. Funsani pa ukwati uliwonse ngati mwamuna anabwera chikamwini kapena mkazi anatengedwa chitengwa, chifukwa yankho lake ndi limene limakuuzani mudzi wotsatira woti mukafunseko. Kumanda kuli umboni wambiri, koma musalowemo nokha. Pemphani kwa a mfumu, chifukwa m'midzi yambiri ya Achewa kumanda ndi kumene kuli dambwe, ndipo adzukulu okumba manda ndi amene amadziwa amene anagona pati. Zaka zolembedwa pa ziliza muzitenge mosamala. Ziliza zambiri zinamangidwa patapita zaka munthu atamwalira, ndipo chaka chobadwa chinali chongoyerekeza cha ana ake.

Zaka muzizipeza pogwiritsa ntchito zochitika zimene aliyense amakumbukira. Agogo sangadziwe chaka chimene anabadwa, koma akudziwa msinkhu umene anali nawo pa njala ya 1949, kapena mwana amene anali kumbuyo pamene Kamuzu anabwera mu July 1958, pamene anthu ankamangidwa mu March 1959, pa ufulu wa 1964, kapena pamene ndalama zinasintha kukhala kwacha ndi tambala mu 1971. Akanena kuti pa njala ija anali kamtsikana kotha kusenza ndowa koma asanathe msinkhu, mukhoza kulemba kuti anabadwa cha m'ma 1938 mpaka 1941. Za makolo awo, zizindikiro zake ndi nkhondo ya 1914 mpaka 1918 imene amuna ambiri anatengedwa kukhala asilikali kapena amtengatenga, kuukira kwa John Chilembwe mu January 1915, ndi chimfine choopsa chimene chinafika kumapeto kwa 1918. Polemba, chaka choyerekeza chizioneka kuti n'choyerekeza.

Pali zinthu ziwiri zimene zimasokoneza ofufuza ambiri akafika ku mibadwo yakutali. Choyamba ndi kulowa dzina. Mfumu ikamwalira, wolowa m'malo amatenga dzina lake pamodzi ndi chibale chake, ndipo posimba nkhani amatha kunena kuti "ine ndinabwera kuno kuchokera kwakuti" pamene akunena za munthu amene anakhalako mibadwo inayi yapitayo. Motero mafumu asanu amasanduka mmodzi m'nkhani. Funsani kuti dzinalo alowa anthu angati, ndipo aliyense dzina lake lenileni linali ndani. Chachiwiri ndi nkhani ya mtundu wonse, monga ya kuchokera ku Uluba, ya Kaphirintiwa ndi ya Kalonga. Nkhani zimenezi n'zamtengo wapatali ndipo ana anu ayenera kuzidziwa, koma si umboni wakuti agogo anu a dzina lakutilakuti anayenda ulendowo. Mabanja ambiri amatha kutchula mayina motsimikiza mpaka mibadwo inayi kapena isanu, ndipo kupitirira pamenepo mayina amayamba kulumphana. Ikani nkhani ya mtundu m'mutu wakewake, musaisokere ku mndandanda wa makolo anu ngati kuti palibe mpata pakati.

Chifukwa kwanu ndi ku Dedza, konzekerani kumva zinthu zolemera. M'zaka za m'ma 1870 Angoni a Maseko anakhazikika cha ku Domwe, kufupi ndi Dedza, ndipo nkhondo zawo zinachititsa Achewa ambiri kuthawira m'mapiri ndi m'malinga, pamene ena anagwidwa n'kukulira pakati pa Angoni. Nthawi yomweyo mafumu ena a Chiyao ankalowa m'derali, ndipo malonda a akapolo opita kunyanja anali asanathe. Anthu ena ankaperekedwa ngati chikole pa mlandu kapena pa njala. Choncho m'midzi yambiri muli bere lochokera kwa mayi amene sanabwere mwa kufuna kwake, ndipo akuluakulu amadziwa koma satchula pagulu. Mukaona kuti agogo afika pa dzina lina n'kungoti "ameneyo anangobwera", musawakakamize pamaso pa anthu. Bwererani pa nkhaniyo muli awiri. Ine ndimakhulupirira kuti mayi wotere ayenera kulembedwa mwaulemu waukulu, chifukwa anapirira zoopsa ndipo mbumba yonse ilipo chifukwa cha iye, koma kuulula chiyambi cha bere la anthu ena popanda chilolezo chawo kukhoza kuwononga ubale umene wakhala zaka zoposa 100. Dziwaninso kuti malire a mu 1891 pakati pa Angerezi ndi Apwitikizi anadula midzi ya pachibale, kotero mbali ina ya mbumba yanu ikhoza kukhala ku Angonia, ku Mozambique.

Mukakhala ndi mayina ndi midzi, ndiye nthawi yopita ku mapepala, ndipo oyamba ndi a mpingo. Amishoni a Dutch Reformed anayamba ku Mvera mu 1889 ndi ku Nkhoma mu 1896, ndipo a Katolika anatsegula Mua mu 1902, kenako Bembeke. Mipingo imeneyi inkasunga mabuku a ubatizo, a ukwati ndi a akhristu. Kaundula wa ubatizo wa Katolika nthawi zambiri amakhala ndi dzina la bambo, la mayi, mudzi ndi la womuimira pa ubatizo, ndipo pambali pake amalembapo za ulimbitso ndi ukwati, ngakhale mayina ena analembedwa m'Chilatini. Ku CCAP funsani mabuku a akalasi ndi a msonkhano wa akulu a mpingo, momwe munkalembedwa za kusamuka kwa akhristu ndi milandu ya mabanja. Kumbukirani kuti tchalitchi cha pafupi ndi mudzi wanu mwina chinali nthambi chabe pa nthawiyo, choncho mabuku akale ali ku parishi kapena ku mpingo umene unali likulu. Anthu ambiri a mibadwo yoyamba anabatizidwa ali akuluakulu, ndiye chaka cha ubatizo musachiyese chaka chobadwa. Pitani ndi kalata yochokera kwa abusa kapena ansembe a kumene mumapemphera, ndipo pemphani kujambula tsamba lonse, osati mzere wa agogo anu wokha, popeza amene anabatizidwa tsiku limodzi nthawi zambiri anali a mudzi umodzi.

Ku National Archives of Malawi ku Zomba musayembekezere kupeza fayilo ya banja lanu. Moto umene unatentha maofesi a boma ku Zomba mu 1919 unawononga zolembedwa zambiri za zaka zoyambirira, ndipo atsamunda ankalemba kwambiri za mafumu, msonkho ndi milandu. Komabe mabuku amene a DC ankalembamo za maboma awo ali ndi mindandanda ya mafumu ndi midzi, nkhani za kulowa ufumu ndi za kusamuka, ndipo malipoti a pachaka amafotokoza za njala, miliri ndi kuchuluka kwa amuna opita kunja. Zimenezi zimakuthandizani kuyesa zimene mwamva ndi kumvetsa nyengo imene makolo anu ankakhalamo. Fufuzani ndi mayina akale ndi kalembedwe kakale: Dedza poyamba inali m'boma la Central Angoniland, Ntcheu inkalembedwa Ncheu, Mchinji inali Fort Manning, Mangochi inali Fort Johnston. Laibulale ya Society of Malawi ku Mandala mu Blantyre ilinso ndi mabuku, mapu ndi zithunzi zakale.

Za agogo anu aamuna amene anatchona, poyambira si ku Johannesburg koma kumudzi kwawo kwenikweni. Ngati anali mkamwini, ndiye kuti mudzi umene bambo anu anakulira si kwawo kwa agogowo, ndipo amuna ambiri otchona ankalembera makalata ndi kutumiza ndalama kwa mayi awo ndi alongo awo ngakhale atasiya kulembera akazi awo. N'zotheka kuti mbumba yawo ikudziwa zimene banja lanu silinamvepo. Funsani kumeneko dzina limene ankagwiritsa ntchito kunjako, anzawo amene anapita nawo, ndi njira imene anayenda. Amene anapita ndi Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito ya m'migodi ya ku South Africa, ankalembedwa, kudindidwa zala, kupatsidwa nambala ndi kontalakiti, ndipo gawo la malipiro awo ankalandirira kuno akabwerera. Bungweli pambuyo pake linatchedwa TEBA, likadalipo ku South Africa, ndipo zolemba zake zakale zina zimasungidwa ku University of Johannesburg, koma kuti akuthandizeni pamafunika dzina lolembetsa, zaka, ndipo makamaka nambala kapena dzina la mgodi. Amene anapita ndi Mthandizi, bungwe lina lolemba anthu ntchito, ankathera m'minda ndi m'migodi ya ku Southern Rhodesia (lero Zimbabwe), ndipo amene anayenda selefu, ndiko kuti paokha, wapansi kudzera ku Tete, kawirikawiri sanasiye cholembedwa chilichonse kuno. Ambiri amene kumudzi ankati ali ku Joni anaima panjira ku Salisbury (lero Harare), Bulawayo kapena Wankie (lero Hwange) n'kukwatira komweko. Ndiye tsegulani masutikesi akale a azakhali anu, muyang'ane maenvulopu, chidindo cha positi, pasi, ndi kuseri kwa zithunzi kumene ojambula ankadinda dzina la tauni. Mukapeza tauni, funsani ku mipingo ya CCAP ya sinodi ya Harare, kwa Asilamu ndi ku magulu othandizana pa maliro a anthu ochokera ku Malawi, omwe ambiri amadziwana potengera boma la kwawo. Apa ndi pamene Facebook ndi WhatsApp zingathandize, mukatchula mudzi, mfumu yaikulu ndi mfunda. Ngati bambo anu ali moyo, kambiranani nawo musanayambe, pakuti mapeto ake akhoza kukhala kupeza abale awo obadwira kunja, kapena manda, ndipo iwo ndi amene anakula opanda bambo.

Kuyezetsa DNA sindikukulangizani kuti muyambire pamenepo. Zotsatira zake zimanena za zigawo zazikulu za Africa ndipo sizingakuuzeni mudzi, bere kapena dzina la munthu, komanso makampani oyeza amayerekeza ndi anthu amene anayezetsa kale, omwe ochokera kuno ndi ochepa. Phindu lake lenileni limabwera mukapeza munthu ku Zimbabwe kapena ku South Africa amene mukumuganizira kuti ndi mdzukulu wa agogo anu, chifukwa nonse mukayezetsa zimatha kusonyeza ngati muli pachibale chapafupi. Dziwaninso kuti zikhoza kuulula kuti wina bambo ake si amene banja limadziwa, ndipo muyenera kuganiza pasadakhale chimene mungachite ndi nkhani yotere.

Polemba, lamulo limene ndimaliona lofunika kuposa onse ndi lakuti owerenga azitha kusiyanitsa zimene munthu anaona ndi maso, zimene anamva kwa akulu ake, zimene zili papepala, ndi zimene inu mukuganiza. Lembani kuti "agogo anandiuza mu mwezi wakuti, chaka chakuti, kuti anamva kwa mayi awo", ndipo pamene atsibweni anena zosiyana ndi agogo, lembani zonse ziwiri ndi mayina a onena, osasankha yokoma. Pepala silipambana pakamwa nthawi zonse, chifukwa kalaliki amene analemba anamvanso kwa munthu, mwinanso kudzera mwa womasulira. Pamene simukudziwa, siyani poyera kuti mbadwo wotsatira udziwe pofufuza. Mawu a agogo asiyeni mmene anawayankhulira, ndi nyimbo, miyambi ndi zitamando za mfunda zimene angatchule, ngakhale mutawonjezera Chingerezi pambali chifukwa cha ana okulira kunja. Musalembe mndandanda wa mayina wokha. Fotokozani zimene ankalima, mtunda umene ankayenda kupita kusukulu kapena kuchigayo, mmene ankapezera ndalama ya msonkho, ndi zimene ankadya pa njala.

Musanasindikize, bwererani kumudzi mukawerengere mbumba mokweza. Adzakonza mayina, adzakumbukira zina, ndipo adzakuuzani zimene sakufuna kuti zituluke. Nkhani za ufiti, za ana obadwa kunja kwa banja, za matenda ndi za milandu ya anthu amene ali moyo kapena ana awo, musaziike m'kabuku kogawira anthu popanda chilolezo, ngakhale mukhoza kuzisunga m'kope lanu. Pa za minda ndi ufumu lembani zimene mbali iliyonse ikunena ndipo munene momveka kuti kabukuko si chigamulo, chifukwa chilichonse chosindikizidwa chimatha kudzatulutsidwa pa bwalo la milandu ngati umboni, makamaka tsopano pamene lamulo la malo a makolo la 2016 limalola anthu kulembetsa malo awo. Mawu amene mwajambula musawasiye pa foni pokha. Tsiku lomwelo asungeni pa kompyuta ndi pa intaneti, fayilo iliyonse ikhale ndi dzina la wolankhula, mudzi ndi tsiku, ndipo muwalembe papepala nkhaniyo ikadali m'mutu mwanu. Kabuku kakatuluka, perekani kope kwa atsibweni, lina kwa bere lililonse, lina ku mpingo umene unakuthandizani, ndipo kumapeto kwake musiye masamba angapo opanda kanthu oti muzilembamo ana obadwa, maukwati, maliro ndi chilichonse chatsopano chimene chingamveke cha agogo anu aamuna.